Kodi Wolemba “Thru” Walakwira Yani?

Nkhani yathu lero ndi ya mawu wamba a Chingerezi akalembedwa mosiyana ndi mmene dikishonale imawalembera: “thru” m'malo mwa “through”, “nite” m'malo mwa “night”, “definately” m'malo mwa “definitely”, “recieve” m'malo mwa “receive”. Masipelo otere timakumana nawo pazikwangwani za m'misika, m'mauthenga a pafoni, m'makope a ana asukulu, ngakhalenso m'makalata ochokera m'maofesi akuluakulu. Tikawaona, ambirife sitichedwa kugamula kuti wolembayo ndi mbuli, kapena ndi waulesi, kapena sukulu za masiku ano zalowa pansi. Chigamulo chimenechi ndicho ndikufuna tichiunike limodzi. Mfundo yanga ndi yakuti kalembedwe kovomerezeka ka Chingerezi ndi pangano limene anthu anagwirizana mochedwa, movutikira ndiponso mosalongosoka. Panganoli ndi lofunika, tiyenera kulisunga ndi kuliphunzitsa, koma si muyeso wa nzeru za munthu. Anthu amapatuka pa panganoli pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo amene safuna kudziwa zifukwazo sangaphunzitse bwino, sangakonze bwino, sangaweruzenso mwachilungamo.

Choyamba tifunse kuti panganoli anamanga ndani. Chitaliyana chili ndi bungwe lochiyang'anira la Accademia della Crusca kuyambira mu 1583, ndipo Chifalansa chili ndi Académie française kuyambira mu 1635. Chingerezi sichinakhalepo ndi bwalo lotere. Jonathan Swift anapempha mu 1712 kuti likhazikitsidwe, koma pempho lakelo linangothera papepala. Kalembedwe ka chilankhulochi kanaumbidwa ndi manja ambirimbiri osafunsana. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, alembi ozolowera Chifalansa anatenga mawu akale oti “cwen” n'kuyamba kuwalemba ndi “qu”, ndiye “queen” wa leroyu. William Caxton, amene anakhala zaka zambiri ku Bruges, anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo akatswiri ambiri amati “h” wa mu “ghost” analowa potengera kalembedwe ka ku Flanders. Vuto lalikulu linali lakuti pamene makinawo ankakhomerera mawu papepala, pakamwa pa anthu mawu omwewo anali akusintha. Pakati pa zaka za 1400 ndi 1700 katchulidwe ka mavawelo aatali a Chingerezi kanasunthiratu, ndipo zilembo zina zinangoleka kumveka. M'masiku a Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, wotchula “knight” ankamveketsa “k” wa kumayambiriroyo, ndipo “gh” linali liwu lotulukira kummero. Lilime linasiya, cholembera chinapitiriza. Zili ngati kanjira ka kuchitsime kamene kamakhota pomwe kale panali mtengo wa mkuyu: mtengowo unagwa kalekale, chitsa chinawola, koma anthu akukhotabe pomwepo, ndipo mlendo akadula mowongoka amaoneka ngati wasokera ndi iye.

Pali zilembo zinanso zimene sizinamvekepo n'komwe m'Chingerezi, zinachita kusomekedwa ndi anthu ophunzira. Cha m'ma 1500 akatswiri okonda Chilatini ankafuna kuti mawu aliwonse azionetsa kwawo kumene anachokera. Mawu a ngongole ankalembedwa “dette” monga anabwerera kuchokera ku Chifalansa. Iwo anaikamo “b” pofuna kukumbutsa “debitum” wa Chilatini, ndiye tili ndi “debt”. Mwanjira yomweyo “doute” anasanduka “doubt”. Koma taonani bwino mawu a chilumba. Poyamba ankalembedwa “iland”, ndipo ndi mawu a Chingerezi chenicheni chamakedzana, opanda ubale ndi Chilatini. Ophunzira aja anaganiza kuti ndi mbale wake wa “isle”, wochokera ku “insula” wa Chilatini kudzera m'Chifalansa, choncho analowetsamo “s”. Anaphonya. Lero mwana akalemba “iland” timamukhwatcha ndi bolopeni yofiira, chikhalirecho walemba mmene eni ake ankalembera asanasokonezedwe, ndipo “island” tikumukakamizayo ndi cholakwa cha akatswiri chimene chinakalamba n'kusanduka lamulo. Sindikuti mwanayo timuchongere ayi, ndipo mfundo imeneyo tiifika. Ndikuti amene amanena kuti kalembedwe kovomerezeka ndi kolondola mwachibadwa, kena konse n'kaumbuli, mbiri ikumutsutsa. Tangoonani zilembo zinayi za “ough”. Mu “though”, “through”, “rough”, “cough”, “bough” ndi “thought” zikutchulidwa m'njira 6 zosiyana. Zilembo 26 zikusenza maliwu pafupifupi 44. Palibe munthu amene angatulukire kalembedwe kotere ndi nzeru zake zokha; aliyense amachita kuloweza.

Kwa zaka mazanamazana, kulemba mawu amodzi m'njira ziwiri kapena zitatu sikunali kochititsa manyazi. Pa malo 6 pamene William Shakespeare anasaina, amene asungika mpaka lero, dzina lake lomwe silinalembedwe mofanana. Malamulo oyendetsera dziko la United States a mu 1787 ali ndi “chuse” pomwe ife tikanalemba “choose”. Jane Austen, ali mtsikana mu 1790, anapatsa nkhani yake ina mutu wokhala ndi “freindship”, “e” ali patsogolo pa “i”, kuphonya komwe kumachotsetsa ana malikisi lero. Zinthu zinayamba kumangika chifukwa cha madikishonale ndi kufala kwa sukulu. Dikishonale ya Samuel Johnson ya mu 1755, ya mawu opitirira 40,000, inakhala podalira pa aliyense wokayika sipelo. Komabe Johnson yemweyo ankalemba “publick” ndi “musick”, zimene mphunzitsi aliyense lero angazikhwatche. Kutsidya kwa nyanja, Noah Webster ankafuna kuti America, imene inali itangoima payokha, ikhale ndi kalembedwe kakekake. Kudzera m'madikishonale ake a mu 1806 ndi 1828 anafalitsa “color”, “center” ndi “defense”. Anayesanso “tung” m'malo mwa “tongue” ndi “wimmen” m'malo mwa “women”, koma anthu anazikana. Nanga “color” ndi “tung” akusiyana pati? Onse anawalimbikitsa munthu mmodzi, pa chifukwa chimodzi chofuna kuchotsa zilembo zosagwira ntchito. Wina lero ndi wovomerezeka kwa anthu mamiliyoni, wina ndi choseketsa. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anthu anamulandira, wina anamukana, basi.

Mphamvu ya anthu wamba imeneyi imaonekera bwino tikaona mmene anthu amphamvu analepherera. Mu 1906 mpondamatiki Andrew Carnegie anapereka ndalama zoyambitsira bungwe la Simplified Spelling Board, limene linatulutsa mndandanda wa mawu 300 ofewetsedwa, kuphatikizapo “thru”, “tho” ndi “altho”. Mu Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Theodore Roosevelt wa ku America analamula osindikiza zikalata za boma kuti atsate mndandandawo. Nyuzipepala zinamuseka, aphungu a nyumba ya malamulo anakana, ndipo pofika mu Disembala anabweza lamulo lake. Nyuzipepala ya Chicago Tribune inakakamira masipelo ofewetsedwa kuyambira mu 1934 mpaka mu 1975, kenako inagonja. George Bernard Shaw, amene anamwalira mu 1950, anasiya chuma choti apangire alifabeti yatsopano. Inapangidwadi, sewero lake lina linasindikizidwa nayo mu 1962, koma sinalowe m'kalasi. Komatu chimene chinakanika pulezidenti, mpondamatiki ndi mlembi wotchuka, nthabwala inachita. Cha m'ma 1839 atolankhani a ku Boston anali ndi chizolowezi chopotoza mawu mwadala n'kuwafupikitsa pofuna kuseketsa owerenga. Pa 23 Malichi chaka chimenecho nyuzipepala ya Boston Morning Post inasindikiza “o.k.”, kufupikitsa kwa “oll korrect”, komwe kunali kupotoza “all correct”. Allen Walker Read wa pa yunivesite ya Columbia ndiye anafukula mbiri imeneyi m'ma 1960. Lero “OK” akumveka m'zilankhulo zosawerengeka, ndi m'Chichewa momwe. Amodzi mwa mawu a Chingerezi ofala kwambiri padziko lapansi anabadwa ku sipelo yopotoka.

Mbiri imeneyi ikutilangiza kuti masipelo opatuka tisamawamange mtolo umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu loyamba ndi la olemba motsata khutu, ndipo ambiri mwa iwo ndi eni chilankhulo a ku Britain ndi ku America komwe. Titenge “definately” ndi “seperate”. M'Chingerezi, phatikizo likakhala losatchulidwa mwamphamvu vawelo yake imafooka n'kukhala kaliwu kosadziwika bwino, kosakhala “a”, “e” kapena “i”. Wotchula “definitely” khutu silingamuuze kuti pakati pa “n” ndi “t” pali vawelo iti, ndiye amatengera mawu ena omveka mofanana, monga “fortunately” ndi “immediately”, amene amatheradi ndi “ately”. Munthu ameneyu waganiza ndithu, kungoti chilankhulo ndicho sichinasunge dongosolo lake. “Could of” nayenso ali ndi gwero lake: polankhula, “could have” amafupika kukhala “could've”, ndipo kumapetoko kumamveka ndendende ngati “of”. N'chifukwa chake cholakwa chimenechi chimagwira kwambiri amene anayamwira Chingerezi kusiyana ndi amene anachiphunzirira m'buku. “Alot” amabadwa chifukwa pakamwa mawu awiriwo amatuluka ngati amodzi, monga momwe “another” anabadwira ku “an other”, ndipo ameneyo palibe amamudandaula. Wolemba “it's” pofuna kusonyeza umwini watsata lamulo limene anaphunzitsidwa la “John's” ndi “the dog's”, ndipo m'zaka za m'ma 1700 olemba ophunzira bwino ankalemba chomwecho. Mankhwala a gulu limeneli ndi kumuonetsa munthu abale ake a mawuwo. Amene waona “finite” mkati mwa “definitely” sadzaikamonso “a”.

Gulu lachiwiri likutikhudza ife. Munthu amene anayamba ndi chilankhulo china amamva Chingerezi ndi makutu a chilankhulo chakecho. M'Chichewa “l” ndi “r” sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso pambuyo pake, amangoti “r” azilembedwa pambuyo pa “e” ndi “i”, ndipo mpaka pano ena amalemba Chingerezi, ena Chingelezi, popanda wosokonezeka. M'Chingerezimo zilembo ziwirizi ndizo zimalekanitsa kupemphera ndi kusewera, udzu ndi galasi. Mwana wa ku Dedza kapena ku Chipata amene walemba “play” akutanthauza “pray” mawuwo akuwadziwa. Chimene sanaphunzitsidwe ndi kumva malire amene chilankhulo cha kwawo chilibe. Kuwonjezera apo, Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chingerezi cha kumwera kwa England chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20. “Live” ndi “leave” amagwera pa “i” mmodzi wathu, “full” ndi “fool” pa “u” mmodzi, “hut” ndi “heart” pa “a” mmodzi. Sitili tokha: a ku Japan nawonso amalimbana ndi “l” ndi “r”, olankhula Chiarabu amalimbana ndi “p” ndi “b”. Zolakwa zotere zili ndi dongosolo, ndipo chinthu cha dongosolo chimatheka kuchiyembekezera. Mphunzitsi wodziwa kuti kalasi yake yonse ipunthwa pa “collect” ndi “correct” amayamba waphunzitsa makutu asanafike pa cholembera. Wosadziwa amangokhwatcha chaka chonse, ana n'kumabwereza zomwezo.

Gulu lachitatu ndi la opatuka dala, odziwa bwino lomwe zimene dikishonale imanena. Eni Shoprite sanaiwale kalembedwe ka “right”, ndipo eni Kwik Fit ndi Krispy Kreme sanalephere mayeso. Iwo amafuna dzina lokopa maso, lalifupi pachikwangwani, losafanana ndi la wina. “Lite”, “nite” ndi “donut” anafala kudzera m'malonda momwemu, ndipo “thru” uja Roosevelt analephera kumulowetsa m'zikalata za boma anadzapeza malo pazikwangwani za m'misewu ndi pamalo ogulira chakudya munthu ali m'galimoto. Pafoni napo chifukwa chake n'chodziwika. Uthenga umodzi wa SMS unkalola zilembo 160 zokha, ukapitirira pamenepo unkalipira kawiri. Pa mafoni a mabatani aja, kuti munthu alembe “s” ankadina batani la 7 kanayi. Amene ankalemba “u” m'malo mwa “you”, “2moro” m'malo mwa “tomorrow” kapena “gud nyt” ankapulumutsa mayunitsi ndi zala zake, ndipo wolandira ankamva bwinobwino. Nzeru imeneyi siinayambe ndi ana a masiku ano. “IOU”, kakalata kovomera ngongole kolembedwa ndi zilembo zitatu zomveka ngati mawu atatu, kanalipo kale m'zaka za m'ma 1600. Lero pa WhatsApp malire a 160 kulibe, koma kalembedweka katsala chifukwa kapeza ntchito ina: kamasonyeza kuti apa tikucheza, sitili mu ofesi.

Alembi a mabuku nawonso amapatuka dala, ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa chida chomwecho chimatha kulemekeza kapena kunyoza. George Philip Krapp, katswiri wa chilankhulo wa ku America, anaona m'ma 1920 kuti olemba nthano ena akafuna kuonetsa kuti munthu ndi wosaphunzira ankamulembera “sez” kapena “enuff”. Chodabwitsa n'chakuti umu ndi mmene aliyense amatchulira “says” ndi “enough”, ndi pulofesa yemwe. Kalembedwe kotereka sikaonetsa katchulidwe kachilendo. Kamangomutsina khutu wowerenga kuti uyu si mnzathu. Anthu akuda a ku America, alimi osauka ndi obwera kuchokera kumayiko ena analembedwa motero kwa zaka zambiri kuti azisekedwa. Koma eni malankhulidwe onyozedwawo akagwira okha cholembera, nkhani imasintha. Linton Kwesi Johnson, mlakatuli wobadwira ku Jamaica n'kukulira ku Brixton mu London, amalemba “Inglan” ndi “revalueshanary” kuti liwu la anthu ake limveke papepala monga limamvekera m'misewu, ndipo mu 2002 ndakatulo zake zinalowa pa mndandanda wa mabuku a Penguin Modern Classics. Ken Saro-Wiwa wa ku Nigeria anatulutsa Sozaboy mu 1985 m'Chingerezi chimene mwini wake anachitcha chowola, kuti nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lake tiione ndi maso a mnyamata amene sanapite patali ndi sukulu. Mkonzi amene angawongole masipelo a mabuku amenewa waononga ntchito ya eni. Choncho tisanagamule tiyenera kufunsa kuti walemba ndani, pamalo pati, ndi cholinga chanji.

Pofika pano wina afunsa kuti, ndiye aliyense azingolemba mmene wafunira? Ayi, ndipo chifukwa chake n'cholimba kuposa chimene oteteza masipelo ambiri amapereka. Chingerezi chimatchulidwa mosiyana ku Glasgow, ku Chicago, ku Lagos, ku Mumbai, ku Kingston ndi ku Blantyre. Tikati aliyense alembe mmene amatchulira, wa ku London achotsa “r” mu “car” pamene wa ku Chicago amusunga, ndipo m'badwo umodzi usanathe tidzakhala tikulephera kuwerengerana makalata. Funso limene lakhala likugwetsa ofuna kukonza masipelo ndi lomweli: titsate pakamwa pa yani? Kalembedwe kokhazikika, ngakhale kali kokhota, sikatsata katchulidwe ka dera limodzi, n'chifukwa chake dokotala wa ku Lusaka amawerenga lipoti la mnzake wa ku Toronto popanda wotanthauzira. Komanso kukhota kwina kuli ndi phindu. “Their”, “there” ndi “they're” khutu siliwasiyanitsa, koma diso limawasiyanitsa. “G” wosamveka wa mu “sign” amadzamveka mu “signature” ndi “signal”, n'kutionetsa kuti mawuwa ndi a banja limodzi. Wowerenga wozolowera amazindikira mawu m'kuphethira kwa diso, ndipo sipelo yachilendo imamupunthwitsa. Pa malangizo a mankhwala, pa mgwirizano wa malonda, pa chigamulo cha khoti, kupunthwa kotero kumatha kuvulaza. Panganoli ndi lofunika chifukwa anthu ochuluka analigwirizana, osati chifukwa ndi lopatulika. Kudziwa kuti analipanga ndi anthu sikulichotsera mphamvu. Kumangotichotsera ife mwano.

Wina ati mafoni ndiwo akupha Chingerezi cha ana. Dandaulo limeneli linafufuzidwa. Beverly Plester ndi Clare Wood a pa yunivesite ya Coventry ku England anaunika ana a sukulu, ndipo zimene anatulutsa cha m'ma 2008 ndi 2009 zinaonetsa kuti ana ofupikitsa mawu kwambiri pafoni sanali otsalira pa kuwerenga. Kawirikawiri ankachita bwino kuposa anzawo. David Crystal anafika pa mfundo yofanana m'buku lake la mu 2008 lonena za mameseji. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti munthu alembe “gr8” ayenera kudziwa kuphwanya mawu m'maliwu ake, ndipo luso limeneli ndilo maziko a kuwerenga. Komabe zotsatirazi tisazitenge mwachimbulimbuli. Ana a ku England amenewo amamva Chingerezi kunyumba, amachiona m'mabuku, m'misewu ndi pa wailesi yakanema, kotero sipelo yovomerezeka amakumana nayo tsiku lonse. Mwana amene kwawo kulibe buku, amene buku la kusukulu amagawana ndi anzake angapo, ndipo Chingerezi cholembedwa chimene amachiona kwambiri ndi cha pafoni, akhoza kuloweza “becoz” asanamuone “because” mokwanira. Ngozi imeneyo ilipo ndithu. Koma mlandu wake ndi wa kusowa kwa mabuku. Kumulanda mwana foni osamupatsa buku sikumuphunzitsa sipelo ngakhale imodzi.

Chotsutsa cholemera koposa n'chakuti masipelo amaonetsa kusamala, ndipo dziko limaweruza nawo, tifune tisafune. Zimenezi n'zoona. Mu Juni 1992 wachiwiri kwa pulezidenti wa America, Dan Quayle, ali pasukulu ina ku Trenton, anauza mwana amene analemba “potato” molondola kuti awonjezere “e” kumapeto, ndipo anthu amamukumbukirabe ndi chilembo chimodzicho. Kalata yofunsira ntchito yokhala ndi “recieve” imatha kuikidwa pambali bwana asanaone n'komwe maphunziro a mwini wake. Ku Malawi, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Choncho amene angauze mwana wa mlimi kuti masipelo alibe ntchito akumunamiza, pakuti ana a opeza bwino adzawaphunzira ndithu, ndipo chitseko chidzatsekekera iye yekha. Koma kusamala ndi kwina, nzeru ndi zina. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003, woyerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya, anapeza kuti ophunzira kuwerenga zilankhulo zolembedwa monga zimatchulidwira, ngati Chifinishi ndi Chitaliyana, amakhala akuwerenga mawu wamba pakutha pa chaka choyamba, pamene ana a Chingerezi amafuna nthawi yopitirira kawiri. Kodi tinganene kuti ana olankhula Chingerezi ndi ogona kuposa a ku Finland? Vuto lili m'kalembedwe, osati m'mitu ya ana. Palinso anthu obadwa ndi vuto losokoneza zilembo, anzeru zawo ndithu, amene Chingerezi chimawazunza koposa. Kupempha munthu kuti asamale polemba n'koyenera. Kumutcha chitsiru chifukwa cha chilembo ndi kugamula mlandu wina ndi umboni wa mlandu wina.

Ena amati nkhani yonseyi inatha ntchito chifukwa kompyuta imakonza yokha. Imakonza zina. “Definately” imamudulira mzere wofiira kunsi, koma “loose” m'malo mwa “lose”, kapena “stationary” pa chilengezo cha sitolo yogulitsa makope ndi zolembera m'malo mwa “stationery”, kawirikawiri amadutsa osagwidwa, chifukwa onsewo ndi mawu enieni. Zolakwa zimene makina amaziphonya ndizo zimasintha tanthauzo. Komanso makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, pamene sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimatsata cha ku Britain. Wophunzira amalemba “colour” monga anaphunzitsidwira, makina n'kumuuza kuti walakwa. Akamvera makina, mphunzitsi n'kumuuzanso kuti walakwa. Aliyense akunena zoona pa bwalo lake, ndipo wophunzira amene sanauzidwepo kuti mapangano alipo awiri amangotaya mtima. Chomuthandiza ndi kudziwa kuti asankhe mbali imodzi malinga ndi amene akumulembera, n'kukhala komweko kuyambira pa mutu mpaka pa mzere womaliza.

Tsono pempho langa ndi ili. Aphunzitsi, musanakhwatche dzifunseni kuti cholakwachi chachokera kuti: kukhutu, ku chilankhulo cha kunyumba, ku chizolowezi cha pafoni kapena ku kupupuluma? Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Phunzitsani mawu m'mabanja mwawo, zolowezani makutu a ana kusiyanitsa “l” ndi “r” akadali aang'ono pakuti m'mera mpoyamba, ndipo auzeni poyera kuti Chingerezi chimalembedwa mokhotakhota, kuti asamadziyese okha opanda nzeru. Auzeninso kuti “u” ndi “gud” ali ndi malo pocheza ndi anzawo, koma alibe malo pa mayeso ndi pa kalata ya kwa bwana. Akonzi a nyuzipepala ndi olemba zikwangwani, anthu ambiri alibe dikishonale ina koma inu; chimene mwasindikiza ndicho ana amaloweza, choncho werenganinso musanatulutse. Olemba anthu ntchito, ngati ntchitoyo ndi ya ulembi yesani masipelo, koma ngati ndi yowotcherera zitsulo, yomanga nyumba kapena yoyendetsa galimoto, musataye mmisiri chifukwa cha “i” ndi “e”. Makolo ndi aboma, mwana amadziwa kalembedwe ka mawu powaona kambirimbiri, ndiye njira yeniyeni yochepetsera masipelo osokera ndi kuika mabuku m'manja mwa ana. Panganoli tilisunge ndipo tiliphunzitse kwa mwana aliyense, koma tileke kuyesa nzeru za munthu ndi chilembo chosamveka.